Zitsulo Zitatu za Agogo Sixpence

1. Manja a maiguru

Pakomboni pathu, kufupi ndi tawuni ya Banket ku Zimbabwe, palibe amene amameta ndi lezala lathunthu. Ukaligula kushopu, umalipinda likadali m'kapepala kake mpaka lithyoke pakati. Theka lina umametera, lina umasunga pamwamba pa chitseko. Tonse tinkadziwa kuti bowo lalitali la pakati lija analiika dala kuti lezala lizithyoka bwino. Inenso ndinkadziwa zomwezo, chonsecho ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4.

Dzina langa ndi Mwajuma. Pakamwa panga m'polemera. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo, ndipo aphunzitsi akandiloza ndinkayankha desiki. Chimene ndinkanyadira mwakachetechete chinali tsitsi langa. Lamulo la sukulu linali loti tizimeta, ndiye chitsekereni sukulu ndinkalisunga pansi pa mpango. Mnzanga Nyasha anali atalonjeza kundiluka, koyamba chibadwire changa.

Sabata imeneyo mkulu wanga, sisi Yasmin, anali m'chikuta. Mwana wawo wamwamuna anabadwa asanakwane masiku. Mutu wake unkakwana m'dzanja langa limodzi, ndipo liwombo linkagunda poonekera ngati chifuwa cha mwanapiye.

Kwathu mwana satulutsidwa panja kapena kupatsidwa dzina asanametedwe tsitsi lobadwa nalo. Tsiku la nkhani iyi, Shehe anali atanena kuti abwera m'mawa mwake. Wometa ankadziwika kale. Anali a Duwa, mkulu wawo wa amayi anga, amene timawaitana kuti maiguru monga amachitira anzathu Achishona. Ana onse a m'banja mwathu anawameta ndi iwowo.

Koma manja a maiguru anali atayamba kunjenjemera. Akanyamula kapu ya tiyi, wina ankathera pansi. Khanda lomaliza kulimeta analicheka kuseri kwa khutu, bala linatupa, mpaka anapita nalo kukiliniki.

Nditawapititsira phala, sisi Yasmin anandigwira mkono.

“Mwaju, wawaona manja awo?” ananong'ona. “Mwana wangayu alibe khungu loti n'kuchekapo.”

“Auzeni amayi.”

“Ndawauza. Akuti wina akagwira lumo maiguru ali moyo, ndiye kuti tawakwirira akuona.”

Anatembenukira kukhoma, mwana ali pachifuwa. Ine ndinatola mbale n'kutuluka.

2. Bowo la pakati

Amayi anandituma kukagula malezala awiri n'kukawasiya kwa maiguru. Ndinawapeza pakhonde akusokera khandalo kachipewa, chitini cha mabatani chili chotsegula pambali pawo.

“Uthyole ndiwe, mwana wanga,” anatero. “Zala zangazi masiku ano zikuvina beni popanda ng'oma.”

Anaseka, koma anabisa manjawo m'nsalu.

Ndisanapinde lezala, maso anga anagwera m'chitini muja. Pakati pa mabatani panali kachitsulo kachikasu, kopindika ngati denga la basi. Kunsi kwake kanali ndi timiyendo titatu. Tiwiri tinali tatifupi, ka pakati kanali kakatali, kokhala ndi mizere yozungulira ngati bawuti.

“Maiguru, aka n'kachiyani?”

“Chuma changa chimenecho,” anatero monyogodola. “Pogawa katundu wa agogo ako a Sixpence, ena analandira jekete, ena wailesi. Ife ana awo enieni anatipatsa tizitsulo ta m'chitini kuti tizikumbukira. Ntchito yake ankaidziwa ndi eniake.”

Sindikudziwa chimene chinandichititsa. Ndinatulutsa lezala m'kapepala lathunthu. Ndinaliyang'ana pakati. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti bowo lija si mng'alu wamba. Linali lotakasuka pakati penipeni, n'kutakasukanso uku ndi uku. Malo atatu. Ndinagoneka kachitsulo chagada, n'kusiya lezala pamwamba pa timiyendo tija.

Linatsika lokha. Linakwana ndendende, osagwedera ngakhale pang'ono.

Munthu wina, kudziko lina, amene sanamvepo za komboni yathu, anadula bowolo akuganiza za timiyendo timeneti. Ndipo ife zaka zonsezi tinkangothyolapo.

“Iii!” anatero maiguru, singano ili m'malere. “Walodza chiyani iwe?”

Pomwepo ndinakumbukira chingwe cha makiyi cha amayi. Pa chingwecho pankalendewera kachitsulo kena kachikasu, kafulati, kokhala ndi mano ngati chipeso ndi mabowo atatu. Amayi ankapalira nako mapoto opserera.

Ndinathamanga nako pamodzi ndi lezala, ine amene sindithamanga pagulu. Amayi ndinawapeza akuvala ovololo, akubwerera kushedi yosankhira fodya. Ndinatenga kachitsulo kawo n'kukaika pamwamba pa lezala. Nakonso kanalowa. Lezala linabisala pakati, m'mbali mokha mukung'anima. Kamwendo kamizere kaja kanatulukira pamwamba, kakudikira chinthu choti chimangidwepo.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali.

“M'chitini cha bambo munali zitsulo zitatu,” anatero pang'onopang'ono. “Chachitatu chinapita kwa Hamid.”

3. Chenjezo la amayi

Dzina la malume Hamid silinkatchulidwa m'nyumba mwathu. Amayi anakhala pampando, nsapato imodzi ili kuphazi, ina m'manja.

“Ndikuona kumene maso ako akuloza. Khala pansi, umve. Tsiku limene bambo anga anamwalira, amalume ako ankafuna kunyamula maliro kupita nawo ku Machinga, kumudzi kumene iwowo sanapondeko chibadwire. Ife tinati ayi. Bambo akalambira pano, amayi athu agona pano, ndipo chipembedzo chathu sichilola maliro kugona panjira. Tinaika dzuwa lisanalowe. Hamid anaima pamanda, anthu onse akumva, n'kunena kuti kuyambira lero alibe alongo. Katundu atangogawidwa, anasamukira pulazi ya kutsidya kwa damu. Ukwati wa Yasmin sanabwere. Nditadwala sanabwere. Ndiye iwe ukufuna ukagogode kumeneko? Mwana sapita kukapempha pakhomo pamene mayi ake anatsekeredwa. Akakutukwana, chitonzocho si chako, n'changa. Ndipo ngakhale akupatse, ukuganiza kuti maiguru ako angaike chinthu chachilendo pamutu pa khanda? Sukulu yakuphunzitsa kuona zinthu, zikomo. Koma anthu si zitsulo zoti ungazilumikize chifukwa mabowo akufanana.”

Ndinayang'ana pansi. Kuchipinda khanda linalira kamodzi, kulira kopanda mphamvu, ngati kamwana ka mphaka.

“Amayi, ndipita,” ndinatero.

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo choncho.

Amayi anavala nsapato inayo. Anaimirira.

“Ine sindinakutume,” anatero.

Kenako anamasula chingwe, anachotsa makiyi n'kuwaika m'thumba. Kachitsulo ka mano anakasiya patebulo.

4. Kutsidya kwa damu

Ndinadutsa m'mphepete mwa minda ya fodya, dzuwa likuswa mtengo, zitsulo ziwiri ndi lezala zili zokulunga m'kansalu. Malume ndinawapeza kumabalani, kumene amayang'anira moto woumitsira fodya. Anali wamtali ngati amayi, ndevu zaimvi zili nyankhalala.

Ndinagwada n'kupereka salamu. Anayankha osandiyang'ana.

“Mwana wa ndani?”

Ankadziwa. Ndinangotambasula kansalu kaja pansi.

Malume anasiya chikuni chimene ananyamula. Anapukuta manja pabuluku kawiri. Kenako anapisa m'thumba la malaya, la pamtima, n'kutulutsa kachitsulo kakatali ngati chala, kolemera, kolembedwa mizere yopingasana.

“Wakuuza ndani?”

“Palibe, malume. Bowo la lezala.”

Anachita ngati aseka. Anakhala pachitsa, n'kundikodola kuti ndisendere. Ndinawafotokozera za khanda, za liwombo, za manja a maiguru.

“Ichi n'chometera cha bambo anga,” anatero. “Anawapatsa ndi mzungu amene ankamuphikira, yemweyo amene anawatcha Sixpence chifukwa dzina loti Sulemani linkamulemera lilime. Alongo anga sanachionepo chili chathunthu. Mwana wamkazi safika kuseri kwa bafa bambo ake akumeta. Akamaliza ankachimasula, kupukuta chilichonse pachokha kuti chisachite dzimbiri, n'kutsekera m'chitini. Ogawa katundu anapeza zitatu, ana tinali atatu. Basi.”

“Inu simunanene?”

“Tsiku limenelo sindinkalankhula ndi munthu. Taonetsetsa apa.”

Analowetsa chogwirira pa kamwendo kaja n'kuyamba kupotokola. Zitsulo ziwiri zija zinayandikana. Ndipo lezala, limene ndinkalidziwa kuti ukalipinda limathyoka, linayamba kuwerama. Linapindika pang'onopang'ono motsata denga lija, m'mbali monse mofanana. Ndinatseka diso limodzi podikira kuti lithyoke. Silinathyoke.

“Analipanga lopyapyala dala,” anatero malume. “Pazala zako limagwedera ngati tsamba. Muno likawerama limauma gwa. Taona mmene latulukira. Kungosuzumira, ngati koyera ka kunsonga kwa chikhadabo. Lonselo labisika. Mano awa amayenda patsogolo, amagoneka khungu kuti lisakwinyike, lezala n'kumabwera pambuyo. Mipata iyi m'potulukira thovu ndi tsitsi. Mizere ya pachogwirirayi ndi yoti chisaterereke sopo akachuluka. Tanyamula.”

Chinali cholemera kuposa maonekedwe ake. Ndinachitembenuza padzuwa. Panalibe kachidutswa kopanda chifukwa. Ndinkaona ngati amene anachipangayo anakhala pansi n'kuganizira dzanja lililonse lonjenjemera la padziko lapansi.

Malume anachilanda n'kundiloza nacho.

“Tsopano tsegula makutu, chifukwa atsikana a sukulu mumathamangira kukondwa. Chimenechi chimateteza, koma si kuti sichicheka. Lumo ndi lumo. Ukauze a Duwa kuti asakankhe. Kulemera kwake n'kokwanira, iwo azingochitsogolera ngati akuyendetsa mwana. Chiziyenda kumene mano aloza, kutsata mmene tsitsi lagonera. Akachitsetsereza cham'mbali, mano sathandiza kanthu, chimalemba mzere wa magazi ngati mpeni. Paliwombo asachedwepo, kamodzi basi. Muchiwiritse kaye m'madzi, zitsulo zonse zitatu. Ndipo lezala limene lakhudza munthu wina lisakhudze khanda. Anthu anavutika kulipanga lotchipa kuti aliyense azikhala ndi lake, inu n'kumagawana theka banja lonse! Wamva?”

“Ndamva, malume.”

“Sindikubwereka amayi ako. Sindikubwereka a Duwa. Ndikubwereka mwanayo. Akametedwa, changa chibwerere.”

5. Mutu woyeserera

Madzulo ake tinawiritsa zitsulo zija m'poto. Amayi anali ataweruka. Sisi Yasmin ankasuzumira pawindo. Nyasha naye anafika, ulusi wolukira uli m'manja, chifukwa linali tsiku limene tinapangana.

Ndinamanga chometera monga anandionetsera malume. Lezala litawerama, amayi anagwira pakamwa. Ndinabwereza mawu onse a malume, kupatula omaliza aja.

Maiguru anachigwira ndi zala ziwiri ngati agwira nkhanira.

“Ayi,” anatero. “Ana onsewa ndawameta ndi theka la lumo pazala zanga. Khungu ndimalimva ndi chala. Apa ndimva ndi chiyani? Chinthu chimene sindinachigwirepo ndikachiyambire paliwombo la khanda? Mundisiye ndi kunjenjemera kwanga kumene ndikukudziwa.”

Ndinapaka sopo pamkono panga n'kuyendetsa chometera. Ubweya unachoka, khungu linatsala losalala.

“Mkono ndi msewu wa ku Chinhoyi, wongowongoka,” anatero maiguru. “Mutu uli ndi zitunda. Uli ndi nkhongo, uli ndi kuseri kwa makutu. Undipezere mutu woti ndiphunzirirepo, ndiye tikambirane.”

Ananena poganiza kuti nkhani yatha. Pawindo, sisi Yasmin anatsitsa katani.

Ndinamasula mpango wanga.

“Maiwe, Mwaju!” anakuwa Nyasha. “Wapenga here? Tsitsi lonseli? Ine ndagula kale ulusi, shamwari, mnzanga iwe!”

“Limeranso,” ndinatero.

“Limeranso liti? Anyamata a kushopu azikuona ngati dzira la nkhanga!”

“Bola asiye kundiyang'ana.”

Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sizasi, n'kupatsa Nyasha. Iye ankadula akudandaula m'Chishona, ine maso ali pansi, ndikuona tsitsi langa likugwera pa zala za kumapazi. Sindinama, misozi inatsika. Ndinaisiya isakanikirane ndi thovu.

Kenako maiguru anati Bismillah. Dzanja lawo lamanzere linagwira pamphumi panga, ndipo ndinalimva likunjenjemera. Koma chitsulo chitatera pamutu, chinayenda modekha. Kulemera kuja kunkameza kunjenjemerako. Chinkamveka ngati munthu akusesa bwalo patali.

“Hee,” anatero maiguru chapansipansi. “Hee. Chikudziyendera chokha.”

Anafika kuseri kwa khutu lamanja. Pofuna kuzungulira, anachikokera cham'mbali. Ndinamva kutentha ngati mbola ya njuchi.

“Magazi!” anatero Nyasha.

Maiguru anaima. Ndinadziwa kuti akachiika pansi sachitolanso.

“Ndi pamene ananena malume paja,” ndinatero msanga. “Cham'mbali ayi. Mupinde khutu ndi chala, chitsike molunjika. Khutu lina lilipo, maiguru.”

Anapuma mozama. Anapinda khutu lamanzere, natsitsa chometera molunjika. Kenako nkhongo. Kenako pamwamba ponse. Atamaliza anayendetsa chikhatho pamutu panga, uku ndi uku, kufunafuna bala lachiwiri. Sanalipeze.

Anakhala akuyang'ana chitsulocho m'dzanja mwawo.

“Bambo anga inu,” anatero. “Kumeta ndi chinthu chotere zaka zonse, ife tikupalira mapoto.”

6. Dzina

M'mawa tinawiritsanso zitsulo. Lezala la dzulo ndinalikulunga n'kuliponya m'chimbudzi. Lachiwiri ndinalitsegula pamaso pa onse, lathunthu, n'kulimanga.

Shehe anakhala pamkeka ndi amuna, amayi a pakomboni anadzaza m'chipinda. Sisi Yasmin anafungata mwana, nkhope ataitembenuzira kumbali. Ine ndinagwira mbale ya madzi ofunda.

Maiguru ananyowetsa kamutu kaja ndi zala. Anati Bismillah. Chitsulo chinatera.

Tsitsi la khanda n'lofewa ngati ubweya wa chimanga chanthete. Linkachoka popanda phokoso. Anafika paliwombo. M'chipinda monse munalibe wopuma. Mano aja anadutsa pamwamba pa kugunda kuja, kamodzi, n'kupitirira. Anapinda kakhutu kamodzi, anapinda kenako. Mwanayo anayasamula, n'kupitiriza tulo take.

Maiguru anapukuta kamutuko ndi kansalu koyera, n'kukatambasula kuti onse aone. Kanali koyera.

Sisi Yasmin analira mokweza kuposa tsiku lobereka. Ndi dzanja limodzi anagwira mwana, linalo anapisa pansi pa mpango wanga n'kugwira mpala wanga.

Shehe ananong'oneza mapemphero m'khutu la khanda, ndipo bambo ake anatchula dzina: Sulemani. Kenako anamutulutsa panja, dzuwa linamuona koyamba.

Anthu akudya, ndinamasukira amayi.

“Malume anati mwana akametedwa, chitsulo chawo chibwerere.”

“Ndikudziwa mmene amalankhulira,” anatero. Anandilozera ndi chibwano.

Kumpopi, kumapeto kwa mzere wa nyumba, kunali munthu wamtali atakhala panjinga, phazi limodzi pansi. Sankayandikira, sankachokanso.

Amayi anatenga chometera patebulo. Anagwira chogwirira ngati amasula, koma zala zawo zinaima. Anachiyang'ana chili chathunthu choncho, n'kuchibwezera pomwe chinali.

“Kawauze kuti ine sindidziwa kumasula kwake. Akafuna chitsulo chawo, abwere adzamasule okha.”

Ndinayenda mzere wonsewo, mphepo ikulowa pansi pa mpango n'kuzizira pamene panali tsitsi. Ndinapereka salamu, ndinapereka uthenga. Malume anaona kabala kuseri kwa khutu langa.

“Cham'mbali,” anatero.

“Pa ine pokha, malume. Mwana alibe.”

“Amutcha ndani?”

“Sulemani.”

Anayang'ana kumbali, kudamu, nthawi yaitali. Kenako anatsika panjinga n'kuitsamiritsa pampopi.

“Tsogola,” anatero.

Nditatembenuka, ndinaona amayi ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa, thupi lawo litatseka khomo lonse.